Lipoti la nsomba za rainbowfish zomwe zinasuluka m'nyumba ina ku Randburg

Ntchito yanga ndi yoyenda m'nyumba ndi m'maofesi muno mu Johannesburg, kutsuka ndi kukonza mathanki agalasi a nsomba zokongoletsera. Ndinakulira ku Senga Bay, ku Salima, komwe malemu Stuart Grant anali ndi malo osungirako mbuna ndi nsomba zina za m'Nyanja ya Malawi zotumiza kunja, choncho nsomba ya m'galasi ndinayamba kuiona ndili mwana. Nkhani iyi ndailemba poganizira abale athu ogwira ntchito m'nyumba za anthu, omwe amangosiyiridwa thanki ndi chitini cha chakudya popanda wowalongosolera kanthu, zikavuta mlandu n'kugwera iwo.

Chidandaulo

Munali mu July 2023, sabata ija kunagwa chipale chofewa mu Johannesburg pa 10 July. Anandiimbira foni mayi wina wa ku Dedza yemwe timapemphera limodzi, wogwira ntchito m'nyumba ina ku Randburg, dera la muno mu Johannesburg.

"Achimwene, tabwerani mudzaone. Nsomba za abwana zatuwa zonse, ndipo iwo abwera kumapeto a mwezi wamawa. Adzati ndazimana chakudya."

Abwanawo anali atapita kunja kwa miyezi itatu. Mayiyu ataona kuti nsomba zayamba kufwifwa anatenga ndalama ya m'thumba mwake, n'kukagula chitini cholembedwa kuti chimawonjezera utoto wa nsomba, n'kumazipatsa kanayi pa tsiku. Patatha masabata atatu zinali zitatuwiratu kuposa poyamba.

Nsomba zake

M'thankimo munali nsomba 12, zonse za gulu lotchedwa rainbowfish. Mwa izo, 9 zinali Melanotaenia boesemani, zomwe m'masitolo amangoti boesemani. Kwawo ndi kunyanja za Ayamaru, kumadzulo kwa chilumba cha New Guinea, mbali ya Indonesia. Gerald Allen ndi Norbert Cross ndiwo anazilemba m'mabuku a sayansi mu 1980, n'kuzipatsa dzina la katswiri wa nsomba wa ku Netherlands, Marinus Boeseman. Yamphongo yokhwima imakhala ngati nsomba ziwiri zolumikizidwa pakati: kuyambira kumutu mpaka pamimba ndi yabuluu, kuchokera apo mpaka kumchira ndi yachikasu chopita ku olenji. Zitatu zotsalazo zinali Glossolepis incisus, zofiira zija zochokera ku nyanja ya Sentani pafupi ndi Jayapura.

Tsiku limenelo ndinapeza zonse zili zotuwa ngati usipa wogonera pathandala. Zinali zitaunjikana pakona, pafupi ndi hita, zipsepse zitapindidwa. Imodzi inali yowonda, msana wopindika pang'ono, ili ndi kachilonda m'mbali.

Zomwe ndinapima ndi zomwe ndinamva

Thanki inali yotalika mita 1.2, yolowa malita pafupifupi 240. Inali pafupi ndi chitseko chagalasi choyang'ana kumwera, mbali yomwe kuno dzuwa la nthawi yozizira silifikako. Hita inali imodzi ya mawati 100. Ndinafika cha m'ma 8 koloko m'mawa, magetsi atangoyaka kuchokera pa load shedding ya usiku, ndipo madzi anali pa madigiri 19. Nsomba izi ndimazisunga pakati pa 25 ndi 27.

Nitrate, yemwe amachokera ku zonyansa za nsomba n'kumaunjikana m'madzi, anali pamwamba pa mamiligalamu 80 pa lita. Nitrite, mnzake wa nitrate yemwe ndi poizoni kwa nsomba, anaonekamo pang'ono, pomwe m'thanki yokhazikika safunika kuoneka konse. Pa muyeso wa kusasa kwa madzi wotchedwa pH (pansi pa 7 ndiye kuti ndi osasa), madzi a m'thanki anali pa 6.6, a pampopi pa 7.8. Kusiyana kumeneku kumandiuza kuti madzi akhalitsa osasinthidwa ndipo zonyansa zawasasitsa. Boesemani zimachita bwino m'madzi a pH yopitirira 7, monga momwe zilili mbuna zakwathu.

Pansi panali timiyala toyera mbee, kumbuyo kunalibe chotchinga, zomera kunalibe, ndipo nyale inkayaka kuyambira 6 m'mawa mpaka 10 usiku. Chakudya chakale, chitini chachikulu cha ma flake, chinkakhala pamwamba pa chivindikiro cha thanki, pomwe nyale imatenthetsa. Nditachitsegula chinkamveka fungo la mafuta ovunda.

Wosintha madzi anali mnyamata wa ku Mangochi wosamalira kapinga ndi maluwa. Ndinamufunsa mmene amachitira.

"Ankolo, ine ndimatunga madzi m'mabigiri madzulo, n'kuwasiya panja usiku wonse kuti mankhwala atuluke. M'mawa ndimachotsa theka la thanki n'kuthira atsopanowo. Siponji ndimachapa pampopi mpaka iyere."

Anali kuchita zimenezi kamodzi pa miyezi iwiri. Mnyamatayu ndi wakhama, ndipo anachita ndendende zomwe anauzidwa. Koma m'mawu ake aja munali zinthu zitatu zopweteka nsomba. Madzi ogona panja mu July muno, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750, amadzuka ozizira ngati a m'firiji. Chachiwiri, madzi a mu Johannesburg amachokera ku bungwe la madzi la Rand Water, makamaka a ku Vaal Dam, ndipo kuti afike kwa anthu ali abwino kumwa amathiridwa chlorine komanso chloramine. Chlorine amatuluka madzi akagona, koma chloramine amakhalitsa masiku ambiri, n'chifukwa chake amamugwiritsa ntchito m'mapaipi ataliatali. Kwa munthu ndi chitetezo, kwa nsomba amawotcha ziwalo zopumira. Chachitatu, m'siponji ya fyuluta ndi momwe mumakhala mabakiteriya osandutsa ammonia, poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba, kukhala nitrite, kenaka nitrate. Kuichapa ndi madzi a pampopi n'kuwapha.

Kumene utoto umachokera

Apa ndi pomwe ndinakhala pansi ndi awiriwo m'khitchini, chifukwa ndinaona kuti akapanda kumvetsa izi adzabwerera ku chitini chija.

Pakhungu la nsomba pali timaselo tosiyanasiyana. Tina timasunga utoto wachikasu ndi wofiira, ndipo gawo lalikulu la utoto umenewu ndi zinthu zotchedwa carotenoids. Nsomba siingathe kupanga carotenoids m'thupi mwake. Zimapangidwa ndi ndere ndi zomera, tizilombo ta m'madzi timadya nderezo, nsomba n'kudya tizilomboto. Ndi mmenenso yolki ya dzira la nkhuku yachikuda yoyendayenda m'thengo imakhalira yachikasu kwambiri kuposa ya nkhuku yongodya madeya. Choncho olenji wa kumchira kwa boesemani amadaliradi chakudya, ndipo amadzikundikira pang'onopang'ono, kwa masabata.

Buluu wa kumutu ndi nkhani ina. Mulibemo utoto wabuluu ayi. Muli timaselo tokhala ndi tizidutswa tonyezimira ta guanine tosanjikizana, tomwe timabweza kuwala n'kuoneka buluu, ngati mmene thovu la sopo limaonetsera mitundu padzuwa. Pansi pake pali timaselo takuda ta melanin, tomwe timatambasuka kapena kufinyika malinga ndi mmene nsomba ikumvera komanso malo omwe ili. Nsomba ya mantha, yozizidwa, kapena yokhala pamwamba pa miyala yoyera pansi pa nyale yowala, imafinya timaselo takudato kuti ifanane ndi malowo, ndipo buluu amazilala pa mphindi zochepa. Palibe chakudya chomwe chingabweze buluu wa nsomba yomwe ikunjenjemera pa madigiri 19.

N'chifukwa chake chitini chija chinaipitsa zinthu. Chakudyacho pachokha sichinali choipa. Koma nsomba yozizidwa siigaya bwino, chambiri chinkagwa pansi n'kuwola, fyuluta yochapidwa pampopi n'kulephera kuthana nacho.

Mayi uja anapuma mozama n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndimaziwonjezera matenda ndi ndalama yanga yomwe." Ndinawauza kuti aliyense wosauzidwa akanachita chimodzimodzi, ndipo ineyo ndidzawalongosolera abwanawo ndekha.

Masabata awiri oyamba: madzi ndi kutentha

Chakudya ndinachidula kaye mpaka kamodzi pa tsiku, kochepa. Sindinasinthe madzi ambiri nthawi imodzi, chifukwa kulumpha kuchokera pa pH 6.6 kufika 7.8 tsiku limodzi kukanazipweteka. Tinkachotsa malita 40 masiku atatu alionse, kupopa zonyansa za m'miyala ndi kapaipi, n'kubwezera madzi otenthetsedwa ndi ketulo mpaka afanane ndi a m'thanki. M'bigiri iliyonse tinkathira mankhwala ochotsa chlorine, ndipo ndinasankha olembedwa kuti amamanganso ammonia, chifukwa chloramine akasweka amasiya ammonia m'madzi. Siponji inayamba kufinyidwa m'madzi ochotsedwa m'thanki momwemo, osati pampopi, ndipo sifunika kuyera.

Ndinaika mahita awiri a mawati 150, kumapeto konse kuwiri. M'nyumba zozizira za kuno ndimawerengera wati imodzi pa lita, kapena kupitirirako pang'ono, ndipo ndimakonda awiri ang'ono kusiyana ndi imodzi yaikulu kuti ina ikafa inzake igwirize. Kutentha ndinakukweza digiri imodzi pa tsiku mpaka 26. Kumbuyo ndi m'mbali ndinamata polystyrene wosunga kutentha, ndipo mayiyu anayamba kufunditsa thanki bulangete magetsi akamazima usiku. Ndinasiyanso kapampu ka mpweya koyendera mabatire. Kameneka sindikaona ngati kowonjezera: pamalo okwera ngati Johannesburg madzi amasunga mpweya wochepa poyerekeza ndi m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo rainbowfish ndi nsomba zothamanga zosapirira mpweya ukachepa. Tinagwirizananso kuti asamazidyetse magetsi akatsala pang'ono kuzima.

Nsomba yowonda ija ndinaichotsa tsiku loyamba lomwelo. Kuwonda, msana wopindika ndi chilonda chosapola ndi zizindikiro za mabakiteriya a Mycobacterium, omwe amavutitsa kwambiri rainbowfish ndipo mankhwala a m'sitolo sawachiza. Inafa patatha masiku 5 m'kathanki kapadera. Ndinawachenjeza awiriwo mwamphamvu, ndipo ndikuchenjezanso aliyense wowerenga: mabakiteriya amenewa amatha kulowa pabala la padzanja n'kuyambitsa chotupa chochedwa kupola. Ngati muli ndi bala musapise dzanja m'thanki popanda magolovesi, ndipo mukaona chotupa chotere muwauze adokotala kuti mumagwira madzi a nsomba.

Malo okhala

Galasi lakumbuyo ndinalimata pepala lakuda. Miyala yoyera ndinaichotsa pang'onopang'ono, gawo limodzi paulendo uliwonse, n'kuika mchenga woderapo. Ndinabzala Vallisneria m'mbali ndi kumbuyo, udzu wa m'madzi uja womwe umapezekanso m'malo osaya a m'nyanja yathu, n'kusiya pakati poyera kuti zizithamangapo. Pa chikuni ndinamangirira zomera za m'madzi zotchedwa Java fern ndi Java moss. Nyale ndinaiika pa taima, maola 8 pa tsiku.

Buluu anabwerera msanga monga ndinkayembekezera. Pofika tsiku la 12, madzi ali pa 26 ndipo nitrate atatsika, zamphongo zikuluzikulu zinali zitadera kumutu. Olenji anali akadali wofwifwa.

Chakudya, kuyambira sabata yachitatu

Chitini chakale tinachitaya. Carotenoids ndi mavitamini zimawonongeka ndi kutentha, kuwala ndi mpweya, ndiye chakudya chomwe chakhala chaka pamwamba pa nyale chimangokhala chodzaza mimba. Langizo langa n'lakuti muzigula kachitini komwe kangathe pa miyezi iwiri kapena itatu. Ngati mwagula chachikulu, tapaniko pang'ono m'kabotolo, chotsalacho chitsekedwe bwino n'kukhala m'firiji.

Pogula sindiyang'ana chithunzi cha kutsogolo. Ndimatembenuza chitini n'kuwerenga zomwe zasakanizidwamo. Ndimafuna nsomba, kapena tinyama ta m'madzi totchedwa krill kapena shrimp, zikhale koyambirira kwa mndandanda, ndere yotchedwa spirulina ikhalemo, ndipo astaxanthin akatchulidwa ndi bwino. Astaxanthin ndi yemwe amafiiritsa shrimp ndi nyama ya salmon, ndipo wachilengedwe wambiri amachokera ku ndere yotchedwa Haematococcus pluvialis. Chitini chomwe chimayamba ndi ufa wa tirigu ndimachibweza pashelufu. Chomwe anagula mayi uja nditachiwerenga chinali chabwino ndithu, ndipo tinachigwiritsa ntchito, pa mlingo woyenera.

Rainbowfish kwawo zimadya zosakaniza: ndere, tizilombo togwera pamadzi monga nyerere, mphutsi, ndi tinyama tating'ono ta m'madzi. Amene anaonapo nkhungu zikutuluka panyanja yathu, nsomba n'kumawirira pamwamba, akudziwa kadyedwe komwe ndikunena. Zimadyera pamwamba ndi pakati, pansi sizitolatola kwenikweni. Pakhosi pake ndi popapatiza, ndiye chakudya chizikhala chaching'ono.

Ndondomeko yomwe ndinalemba m'Chichewa n'kumata pafiriji inali yotere. M'mawa, chakudya chouma chokwanira kutha pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Madzulo, masiku atatu pa sabata, chakudya chowumitsidwa m'firiji: tinyama tating'ono ta m'madzi monga brine shrimp, daphnia kapena mysis, chosungunulidwa kaye m'kakapu ka madzi a m'thanki. Masiku awiri, ndiwo zamasamba: nsawawa (ma peas) zowiritsa zosenda khungu n'kuzinyenya, kapena sipinachi wofutsa pang'ono wodulidwa bwino. Lamlungu osadya. Ma bloodworm, mphutsi zofiira zija, nsomba zimawakonda kwambiri, koma ine ndimawapereka kamodzi pa sabata basi, chifukwa ndaonapo zikutupa mimba zikawadya tsiku ndi tsiku. Kufiira kwa mphutsizo ndi kwa magazi, sikufiiritsa nsomba.

Chakudya cha m'firiji chili ndi vuto lake m'nyengo ya load shedding. Chikasungunuka n'kuumanso kangapo chimaola osaoneka. Ndinawauza kuti azichiika pakatikati pa firiza, pakati pa nyama zouma gwa, ndipo paketi ikaoneka kuti inasungunukapo, itayidwe.

Kwa amene ndalama yamavuto, pali chakudya chopanga nokha chomwe ndimagwiritsa ntchito m'mathanki anga. Ndimapera ma prawn aawisi ndi makoko ake omwe, nsawawa, sipinachi, karoti wowiritsa, ndi paprika wosawawa pang'ono chabe, n'kusakaniza ndi gelatine wosungunula m'madzi ofunda. Ndimayala mopyapyala m'kapulasitiki n'kuumitsa m'firiza, tsiku lililonse n'kumathyolako kachidutswa. Paprika ali ndi carotenoids ofiira ambiri, ndipo ndikunena paprika weniweni, osati kambuzi kapena zokometsera zosakaniza ndi mchere. Mafuta ochepa a m'ma prawn amathandiza, chifukwa carotenoids amalowa m'thupi limodzi ndi mafuta. Nsima ndi buledi ayi. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kugawana nazo, koma zimangodetsa madzi.

Zamphongo ndi zazikazi

Pa boesemani 8 zotsala, 7 zinali zamphongo. Izi zimachitika kawirikawiri, chifukwa wogula amaloza zowala zokhazokha. Koma yamphongo imawala pofuna kudzionetsa kwa yaikazi ndi kuopseza inzake. Pakakhala yaikazi imodzi, imathamangitsidwa mpaka kutopa, ndipo zamphongo zofooka zimadzizimitsa dala kuti zisamenyedwe. Abwanawo atavomera pa WhatsApp, ndinagula zazikazi 6, n'kuzisunga kwanga masabata anayi ndisanazilowetse, kuti ndione ngati zili ndi matenda.

Pogula ndinapewa tinsomba tating'ono towala mopitirira msinkhu. Pa malonda a nsomba zokongoletsera pali oweta ena omwe amadyetsa mahomoni kuti ana awale msanga, ndipo utotowo umasuluka patapita masabata angapo kunyumba kwa wogula. Anzanga osunga ma peacock, nsomba zowala za m'nyanja yathu, amaidziwa bwino nkhaniyi. Boesemani yaing'ono yabwinobwino imakhala yasiliva, yosakopa maso, ndipo imatenga chaka kapena kupitirira kuti ikhwime maonekedwe.

Zotsatira

Pa sabata yachinayi mayi uja ananditumizira kavidiyo ka m'mawa, nyale itangoyaka. Zamphongo ziwiri zinali zitatambasula zipsepse, zikuzungulirana, ndipo kamzere kowala ka pamwamba pa mutu kankayaka n'kuzima ngati tochi. Kamzere kameneka kamaoneka m'mawa, nthawi yomwe rainbowfish zimakwerana, ndipo kwa ine ndi chizindikiro chodalirika kuposa chopimira chilichonse. Ndinawalangiza kuti abwana akadzafika adzawaonetse thanki m'mawa, osati usiku.

Olenji anachedwa. Ndinayamba kuona kusintha cha pa sabata 6, ndipo anapitiriza kuzama mpaka cha pa sabata 10. Ndinkajambula ndi foni imodzimodzi, pamalo amodzi, nthawi imodzi, chifukwa diso loona nsomba tsiku lililonse silizindikira kusintha kwa pang'onopang'ono. Pa zofiira zitatu zija, ziwiri zinafiira bwino. Yachitatu inakhalabe yachikasu chotuwirako, ndipo mayiyu ankada nayo nkhawa mpaka nditawauza kuti ndi yaikazi, ndipo zazikazi za Glossolepis incisus zimakhala choncho moyo wawo wonse.

Sikuti zonse zinatheka. Zamphongo ziwiri za boesemani sizinafike pa olenji wozama, zinathera pa chikasu chopepuka ngakhale zinkadya mbale imodzi ndi zinzake. Ndikuona kuti ndi chibadwa. Boesemani zambiri za m'masitolo zimachokera m'mafamu komwe zaswanitsidwa mibadwo yambiri popanda kusankha makolo, ndipo chakudya sichingapitirize nsomba pomwe magazi ake amalekezera. Ndinawauza abwanawo zimenezi mosabisa, kuti asadzagulenso zitini zina pofuna kukakamiza ziwirizo.

Abwanawo anafika kumapeto a August, olenji asanakhwime koma buluu ali bwino. Ndinawafotokozera za hita yochepa, za chitseko chagalasi ndi za chloramine, ndipo ndinawauza kuti antchito awo anachita zomwe anauzidwa, ndi kuti mayi uja anawononga ndalama yake. Anamubwezera.

Panopa mnyamata uja amasintha malita 70 Loweruka lililonse ndipo amalemba kutentha kwa madzi m'kakope m'mawa ndi madzulo. Nitrate amakhala pakati pa 15 ndi 25. Nditapitako mu October, kutayamba kutentha, ndinatsitsa mahita kufika pa 25 n'kuwauza kuti chivindikiro chisamachotsedwe ngakhale kutenthe, chifukwa nsomba izi zimalumpha. Tsiku lomwelo mnyamatayo anandiitana.

"Ankolo, tabwerani muone timikanda iti."

Pa Java moss panali timazira toonekera, tolendewera pa tiulusi. Ndinadula kachigawo ka moss n'kukaika m'kathanki ka malita 20 pa madigiri 26, ndipo ndinamusiyira mnyamatayo kabotolo ka chakudya chaufa cha ana a nsomba, n'kumuuza kuti ayambe kuyang'ana pamwamba pa madzi pakatha sabata imodzi.